Maloko Atatu pa Makina a Mtima

M'boma lina la dziko lino, kuseri kwa phiri limene dzina lake silitithandiza kanthu pano, kuli mudzi wotchuka ndi kusamala katundu. Midzi ina imatchuka ndi nyemba, ina ndi mpira, ina ndi ndewu za pamowa. Mudzi uwu umatchuka ndi kusunga. Njinga ya ambulansi imene analandira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ikadali lende kudenga la holo, matayala ake sanalaweko fumbi. Amayi oyembekezera amapita kuchipatala pa ngolo, koma podutsa pa holo amasuzumira pawindo, n'kuona kuti njinga yawo ili bwino. Mabuku a ana a sukulu akadali m'makatoni. Chiswe chokha ndicho chafika patsamba lomaliza.

Munthu amene anafikitsa mudziwu pa ulemerero woterewu ndi bambo Chidothi, mkulu wa mimba yooneka bwino ndi jekete la bulawuni, amene anakhalapo wapampando wa komiti iliyonse, kuyambira ya mjigo mpaka ya kumanda. Anali ndi ana aamuna awiri, Gidiyoni ndi Filimoni. Analinso ndi mpongozi, Lufina, mkazi wa Filimoni, mayi wamng'ono wosayankhulayankhula koma wa maso oona zonse.

Mwa mwambo wa kumeneko, mpongozi ndi apongozi ake aamuna sayang'anana m'maso, sagwirana chanza, sayankhulana mwachindunji. Akakumana panjira, Lufina ankapatukira muudzu. Pakakhala mawu, ankadzera mwa Sungeni, khanda la miyezi isanu ndi inayi limene linkakhala kumsana kwa amake.

"Iwe Sungeni, uwauze amako kuti mbuzi zalowa m'dimba."

"Sungeni, uwauze agogo ako kuti ndamva."

Sungeni ankangoyamwa chala, koma uthenga unkafika.

Loweruka lina Gidiyoni, mnyamata wamphamvu wosadziwa ngakhale chimfine, anagwa pakati pa bwalo la mpira popanda womugunda. Anthu anachita zonse zimene amadziwa. Anamuthira madzi. Anamukupiza ndi malaya. Wina anamulowetsa supuni m'kamwa, wina anamununkhitsa anyezi, wina anali atayamba kale kutchula nkhalamba imene inamuyang'ana moipa m'mawa wake. Pamene ngolo imafika, Gidiyoni anali atapita.

Kuchipatala anati mtima unangoima mwadzidzidzi, ndipo zoterezi nthawi zina zimayenda m'magazi a pabanja. Madokotala anamuyeza Filimoni n'kumuuza kuti ayambe wasiya mpira. Anasiya milungu iwiri.

"Goloboyi sathamanga, amake Sungeni," anatero akumanga nsapato. "Ine ndimangoima."

"Achimwene anu aja anagwa ataima," anayankha Lufina.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse Lufina ankakhala kuseri kwa golo, mwana kumsana. Anthu ankaonera mpira. Iye ankaonera mwamuna wake ngati akadali chilili.

Anyamata a m'mudzimo amene amagwira ntchito ku Joni atamva za maliro, anatumiza makina odzutsa mtima. Anali aang'ono ngati wailesi ya mabatire anayi, achikasu, okhala ndi chogwirira. M'kalata yawo analemba kuti: "Muwapachike pafupi ndi bwalo, poonekera, pamene munthu aliyense angawatenge n'kuthamanga nawo."

Tsiku limene makinawo anafika, dzuwa lisanalowe, kunabadwa Komiti Yaikulu Yolandira, Kuteteza ndi Kuyang'anira Makina a Mtima. Wapampando Wamkulu anali bambo Chidothi, popeza mwana anamwalirayo anali wawo, komanso popeza panalibe amene ankakumbukira mmene komiti yopanda iwo imaonekera. Mlembi Wamkulu anali bambo Malikebu, a kutsidya kwa mtsinje. Msungi Wamkulu wa Katundu Wosagwiridwa anali mayi Nasibeko, amene masiku anayi pa mlungu ankakhala ali ku misika yakutali kogulitsa nyemba.

Patapita mwezi, kunabwera namwino wochokera kuboma kudzaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka makinawo. Anapempha kuti pabwere osewera mpira, akabaza, amayi a pamsika ndi aphunzitsi. Komiti inaona kuti maphunziro a ulemu chonchi sangayambire pansi, choncho inadzisankha yokha. Lufina anasankhidwa kuphika.

Namwinoyo anabwera ndi chidole chachikulu chopanda miyendo, n'kuchigoneka pansi. Anapempha mmodzi agwade ayeserere kudinikiza pachifuwa. Akuluakulu anayang'ana simenti, anayang'ana mathalauza awo, n'kugwirizana kuti amva bwino atakhala pampando. Atadya mpunga ndi nkhuku, ambiri anapitiriza maphunzirowo maso ali chitsekere.

Lufina anali pawindo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Madzi anazizira ali m'manja mwake.

"Munthu akagwa mwadzidzidzi," ankatero namwino, "mukamuitana osayankha, osapuma, kapena akungokoka mpweya patalipatali ngati nsomba ya pamtunda, musataye nthawi ndi madzi ndi anyezi. Wina aimbe foni kuchipatala. Wina athamangire makina. Inu ikani manja pakati pa chifuwa, dinikizani mwamphamvu, mofulumira, osasiya. Makina akafika, ayatseni. Amayankhula okha, ndipo zithunzi zilipo. Sangamenye ndi magetsi munthu amene sakufunikira. Mphindi iliyonse imene yadutsa, moyo ukutalikira. Zikakwana khumi, nthawi zambiri mumakhala mwachedwa."

Madzulo ake komiti yonse inalandira masatifiketi a m'felemu. Lufina analandira mutu ndi miyendo ya nkhuku. Atafika kunyumba anagoneka thumba la madeya pakhonde n'kuyamba kulidinikiza. Anachita zimenezo masiku ambiri, mpaka anzake anayamba kunena kuti mkazi wa Filimoni wayambana ndi chakudya cha nkhumba. Anakakamizanso mwamuna wake kugwada pa thumbalo.

"Ndiye mtima ukakhala wanga waimawo, ndidzadzidinikiza ndekha?" anafunsa Filimoni.

"Dinikizani, abambo ake Sungeni. Pakamwa pokha ndiye mulibe matenda."

Komiti nayo sinagone. Inakhomera bokosi la matabwa pakhoma la holo, pafupi ndi bwalo monga anapemphera a ku Joni. Makina analowamo ali m'pulasitiki yawo, ndipo mayi Nasibeko anawafunditsa kansalu koluka ngati ka pawailesi ya pabalaza. Kenako pabokosi panaikidwa maloko atatu. Kiyi mmodzi kwa Wapampando, wina kwa Mlembi, wina kwa Msungi. Pansi pake anamatapo chidziwitso:

"Aliyense amene mtima wake ukufuna kuima adziwitse Komiti polemba kalata kudakali masiku atatu. Makinawa sagwira ntchito mpaka atatsegulidwa mwalamulo ndi Mlendo Wolemekezeka. Kugwira bokosi ndi mlandu."

Lufina anawerenga chidziwitsocho pang'onopang'ono, chala chili pa mawu. Kenako anayenda kuchokera pagolo la mwamuna wake kufika pabokosi, akuwerenga mapazi. Anakwana zana limodzi ndi makumi awiri. Kwa bambo Malikebu kunali ulendo wa ola limodzi, mtsinje ukakhala wosadzaza. Kwa mayi Nasibeko kunkatengera kuti nyemba zikuyenda malonda kuti.

Tsiku lina anapeza apongozi ake akupukuta maloko ndi mpango. Anaima chapatali, nkhope atalozetsa kumbali.

"Sungeni, uwafunse agogo ako kuti munthu akagwa Loweruka, makiyi tikawapeza kuti."

Bambo Chidothi anayang'ana khandalo mwachisoni, ngati lawakhumudwitsa.

"Sungeni, uwauze amako kuti katundu uyu wachokera kutali. Akangosiyidwa poyera, mawa tidzapeza wina akutchajira foni. Uwauzenso kuti nkhani za makina zimafuna anthu a mapepala."

"Sungeni, uwauze kuti atate ako amaima pagolo."

"Sungeni, uwauze kuti Komiti ikudziwa, ndipo nkhaniyo ili m'maminitsi."

Mlendo Wolemekezeka, bwana wina wa kuboma amene udindo wake unali wautali kuposa chidziwitso chija, analepheretsa mwambo wotsegulira kanayi. Koyamba kunalibe mafuta. Kachiwiri anali ku msonkhano kunyanja. Kachitatu ndi kachinayi palibe anafunsa. Kachisanu analonjeza ndithu, ndipo Komiti, pofuna kumumangiriza, inachita chanzeru. Inasonkhanitsa makiyi onse atatu, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudziwo, n'kuwaika mu envulopu, n'kuwatumiza kuboma, kuti Mlendoyo adzabwere nawo yekha n'kutsegula ndi dzanja lake.

Tsikulo linafika. Pabokosi anamangapo riboni wofiira. Ana a sukulu anaimitsidwa pamzere kuyambira m'mawa. Amayi anavina mpaka nyimbo zinatha, n'kuyambiranso yoyamba ija. Lufina anali kuseri kwa holo, akuwaza nkhuni zophikira alendo. Dzuwa linafika paliwombo, Mlendo osaoneka. Linapendeka, Mlendo osaoneka.

Pofuna kuti anthu asabalalike, bambo Chidothi anaimirira kuti ayambe ayeserera mawu awo. Anapereka ulemu kwa Mlendo Wolemekezeka, amene mpando wake unali wopanda munthu. Anapereka ulemu kwa Mlembi Wamkulu, kwa Msungi Wamkulu, kwa Wachiwiri kwa Wachiwiri wa Mlembi. Anafika pa mfundo yakuti mudzi wawo sunatayepo katundu wa chitukuko ngakhale msomali umodzi. Atakweza chala kuti atsindike mawuwo, anaima. Pepala linagwa. Kenako iwonso anagwa, chagada, ngati thumba lochoka pa ngolo.

Anthu ena anaomba m'manja, poganiza kuti ndi sewero la pa pulogalamu.

Kenako zonse zinayamba monga zinayambira kwa Gidiyoni. Wina anathamangira ndowa ya madzi. Wina anavula malaya n'kuyamba kukupiza. Mayi wina anafuula kuti abweretse anyezi wa m'ndiwo za alendo. Mayi Chidothi anamasula chitenje n'kuchimanga m'chiuno mwamphamvu, kukonzekera kulira.

Lufina anamva phokosolo. Anafika akuthamanga, analowa pakati pa anthu, anamasula Sungeni n'kumupatsira apongozi ake aakazi.

"Gwirani mwanayu, amayi. Kulira muyambe mwadikira."

Anagwada pambali pa munthu amene sanamuyang'anepo m'maso chikwatiwire. Anawagwedeza paphewa.

"Bambo! Bambo Chidothi!"

Khamu lonse linati kukamwa yasa. Mpongozi watchula apongozi ake dzina.

Bambo Chidothi sanayankhe. Anakoka mpweya kamodzi, mokhala ngati mkonono, n'kukhala chete.

"Akupuma, asiyeni," anatero bambo Malikebu. "Ine ndili ndi satifiketi."

"Kumeneko si kupuma. Imbani foni kuchipatala, a Malikebu, satifiketiyo muiwerenga mawa!"

Anaika manja pakati pa chifuwa n'kuyamba kudinikiza monga ankachitira ndi thumba la madeya. China chake chinalira m'nthiti. Amayi anabisa nkhope m'zitenje. Mkulu wina anatembenuka n'kuyang'ana kuphiri kuti asaone malaulo.

"Abambo ake Sungeni! Gwadani apa. Manja apa. Musasiye mpaka ndibwere, ngakhale wina akukokeni."

Filimoni anagwada pa atate ake, misozi ikugwera pa jekete la bulawuni, n'kuyamba kudinikiza. Lufina anathamangira kuseri kwa holo n'kubwera ndi nkhwangwa.

Pabokosi anapeza mayi Nasibeko ataima, manja atatambasula.

"Mwana iwe, makina sanatsegulidwe! Makiyi ali m'njira. Tidikire Mlendo."

"Suntha... sunthani, mayi."

"Nanga riboniyu adula ndani?"

Nkhwangwa inakwera m'mwamba, ndipo mayi Nasibeko anaonetsa liwiro limene palibe ankadziwa kuti ali nalo. Lufina sanalimbane ndi maloko. Anamenya thabwa la m'mbali. Kachitatu bokosi linayasama, maloko onse atatu ali chitsekere, athanzi, akulendewera pa chitseko chimene sichinkatsekanso kanthu.

Anang'amba pulasitiki ndi mano akuthamanga. Atafika anagwira malaya oyera a apongozi ake n'kuwakoka, mabatani n'kumwazika. Anapukuta madzi amene wina anali atathira kale pachifuwa. Anayatsa makina, ndipo makinawo anayamba kuyankhula ndi mawu odekha a munthu wamkazi. Zomata ziwiri za makinawo zinali ndi zithunzi zoonetsa pomata: china pansi pa phewa lamanja, china m'nthiti kumanzere. Anamata. Makina anati aliyense atalikire.

"Chokani nonse! Abambo ake Sungeni, manja m'mwamba!"

Anadina batani. Thupi la Wapampando Wamkulu linadzidzimuka. Lufina anabwezera manja pachifuwa n'kupitiriza, thukuta likutsikira m'maso. Sungeni yekha ndiye ankalira. Kenako pansi pa manja ake chifuwa chinakwera chokha. Chinatsika. Chinakweranso. Bambo Chidothi anabuula, dzanja lawo likufufuza pansi ngati likufuna pepala lija.

Nthawi yomweyo galimoto la Mlendo Wolemekezeka linatulukira pa mphambano, likuliza hutala. Mlendoyo anatsika akumwetulira, envulopu ya makiyi ili m'manja. Galimotolo ndi limene linanyamula bambo Chidothi kupita nawo kuchipatala, Mlendo atatsala pansi pa mtengo, akufunsa ngati chakudya chapsa.

Patapita milungu itatu, bambo Chidothi anabwerako, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Madokotala anawauza kuti akanachedwa mphindi zochepa chabe, bwenzi komiti ya kumanda ikusankha wapampando wina. Anamvetsa bwino lomwe. Choncho chinthu choyamba chimene anachita chinali kuitanitsa msonkhano wa Komiti m'holo, kuti uweruze mlandu wa Lufina.

Anamukhazika pamkeka, mwana pamiyendo. Bambo Malikebu anawerenga milandu ataimirira. Woyamba, kuswa bokosi la chitukuko. Wachiwiri, kugwiritsa ntchito makina asanatsegulidwe mwalamulo, ndi kuwasandutsa a kaunjika powachotsa m'pulasitiki. Wachitatu, kugwira ntchito ya anthu a masatifiketi wopanda satifiketi. Wachinayi, kutchula apongozi dzina, kuwagwira pachifuwa, kuwavula pagulu ndi kuwathyola nthiti ziwiri. Anawonjezera kuti makinawo nawonso ali ndi mlandu wawo, woyankhula pamsonkhano osapatsidwa mpata ndi Wapampando, ndi kulamula akuluakulu kuti atalikire.

"Wapampando anali atakomoka," wina anakumbutsa kumbuyo.

"Ndiye akanadikira," anatero bambo Malikebu.

Bambo Chidothi anatsokomola mosamala, dzanja lili pa nthiti.

"Sungeni, uwafunse amako ngati ali ndi mawu."

Lufina anakonza chipewa cha mwana.

"Sungeni, uwafunse agogo ako ngati akanakonda tiwasunge bwinobwino, osawagwira, ngati njinga ili kudengayi."

Anthu onse anayang'ana kudenga. Njinga inali pompo, yokongola. Wina anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Komiti inatuluka kukakambirana, n'kubwera ndi chigamulo. Lufina apereke nkhuku yoyera yopepesera chifuwa cha apongozi. Bambo Chidothi alandire satifiketi yachiwiri, monga munthu woyamba m'boma lonse kuyesa makinawo ndi thupi lake, modzipereka. Pakhoma pakhomedwe bokosi latsopano, lachitsulo, la maloko anayi, kiyi wachinayi azikhala kuboma kwa Mlendo Wolemekezeka. Ndipo popeza zaoneka poyera kuti pa holo makina sali otetezeka, makinawo azisungidwa kunyumba kwa Wapampando, kuchipinda, pa kampando ka pambali pa bedi. Kumeneko maloko safunika, chifukwa kuli munthu wodalirika.

Mwezi wotsatira Mlendo Wolemekezeka anabweranso, pa nthawi yake. Anadula riboni pa bokosi lachitsulo, anayamikira mudziwo kuti tsopano munthu aliyense ali ndi mwayi wopulumuka, ndipo amayi analulutira. Bokosilo sanalitsegule, poopa kukanda penti. Mpaka lero likadali pakhoma pomwepo, ndipo alendo ochokera m'midzi ina amabwera kudzaphunzira kasamalidwe ka katundu. Chiikireni bokosilo, simunasowemo kanthu.

Loweruka lotsatira mpira unalipo. Filimoni anaima pagolo, akuomba magolovesi ake ong'ambika. Lufina anakhala pamalo pake kuseri kwa golo. M'mawa wake anali atawerenganso mapazi, kuchokera pagolo kukafika pakhomo pa apongozi ake. Anakwana mazana anayi ndi makumi atatu, podzera m'munda wa chinangwa. Anali atayesa kuthamanga, kupita ndi kubwera, kawiri. Pambali pake, paudzu, panali nkhwangwa, yonoledwa mpaka kung'anima.

Bambo Chidothi anadutsa ndi ndodo yawo, akupita ku mpando wa alendo olemekezeka. Kiyi wa nyumba yawo ankalendewera pa lamba. Ataona nkhwangwayo anaima.

"Sungeni, uwafunse amako kuti pabwalo la mpira pali nkhuni zanji."

Lufina sanachotse maso pa mwamuna wake.

"Sungeni, uwauze agogo ako kuti asavutike ndi makiyi. Chitseko chawo ndachiona. Ndi cha paini. Kamodzi kokha."

Bambo Chidothi anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana mwana wawo ali pagolo, anagwira pa nthiti zawo. Anatsegula pakamwa, koma Sungeni anali atagona, ndipo panalibe wotumiza.

Madzulo omwewo Komiti Yaikulu inaitanitsa msonkhano wadzidzidzi. Mfundo inali imodzi yokha: kasungidwe ka nkhwangwa m'mudzi muno.